Mmene wophunzira uphunzitsi angakonzekere maphunziro a pa intaneti asanatuluke pakoleji

Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo makoleji ophunzitsa aphunzitsi adatsekedwa limodzi nazo. Ophunzira a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre, Chiradzulu, Phalombe ndi ku St Joseph's kwa Bembeke adalongedza katundu wawo kubwerera kumudzi, ndipo padapita miyezi yoposa isanu sukulu zisanayambe kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Mu Januwale 2023 kolera adachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu m'maboma ambiri a m'chigawo chakumwera. Nthawi zonsezi, wophunzira amene ankatha kulandira ntchito ndi kuibweza kudzera pa foni adapitiriza kuphunzirako ndithu, pamene mnzake adangokhala kudikirira kuti belu lidzalirenso liti.

Koma sitiyenera kudikira mliri kapena namondwe kuti tione kufunika kwa nkhaniyi. Dongosolo la IPTE, limene ndi maphunziro a zaka ziwiri okonzekeretsa aphunzitsi a kupulayimale, monga lidakonzedwanso mu 2017, limasunga wophunzira pakoleji materemu awiri, kenako limamutumiza kusukulu yapulayimale kukayeserera kuphunzitsa materemu awiri, asanabwerere kudzamaliza materemu awiri otsiriza. M'materemu awiri apakatiwo lekichala amakhala kutali, laibulale ya pakoleji ili kutali, ndipo chimene chimalumikiza wophunzira ndi koleji yake tsiku ndi tsiku ndi foni imene ili m'thumba mwake. Malangizo ali m'munsimu ndawalemba poganizira makamaka nyengo imeneyi.

Ndiyambe ndi kutsutsa maganizo amene ndimawamva kawirikawiri, akuti achinyamata a masiku ano adabadwa akudziwa kale za mafoni. Wachinyamata amene amatha tsiku lonse pa WhatsApp ndi Facebook akhoza kulephera kutumiza kalata ya pa imelo yokhala ndi fayilo, akhoza kusadziwa kumene chinthu chimene watsitsa chapita, ndipo akhoza kusadziwa ngakhale pasiwedi ya akaunti yake. Kucheza pa foni ndi luso lina, kuphunzira pa foni ndi luso linanso, ndipo lachiwirili silibwera lokha. Munthu amakonzeka pamene wayesa chinthu chilichonse ndi manja ake akadali pakoleji, pamalo pamene pali magetsi, netiweki komanso munthu woti amufunse.

Yambani ndi akaunti yanu ya imelo

Ambiri mwa ife foni tidaigula pamsika, ndipo mnyamata wogulitsa uja ndi amene adatitsegulira akaunti ya Gmail kuti foniyo iyambe kugwira ntchito. Adasankha yekha dzina, adasankha yekha pasiwedi, natipatsa foni ili yoyaka kale, ife n'kumapita tikusangalala. Vuto limaoneka tsiku limene foni yabedwa kapena yagwera m'madzi, kapenanso tsiku limene lekichala wanena kuti aliyense alowe mu Google Classroom pa kompyuta ya m'labu. Choncho ntchito yanu yoyamba ikhale yotuluka mu akauntiyo ndi kulowanso nokha. Ngati mwalephera, tsegulani ina yatsopano lero lomwe, yokhala ndi dzina lanu lenileni monga lilili m'kaundula wa koleji, chifukwa lekichala amene ali ndi ophunzira mazana angapo alibe nthawi yofufuza kuti dzina lachibwana lija ndi la yani. Ikanimo nambala yanu ya foni monga njira yobwezeretsera akaunti, ndipo pasiwediyo muilembe m'kabuku kamene kamakhala m'sutikesi, osati kuseri kwa kope limene mumabwereketsa anzanu. Akaunti ya Google imabwera ndi malo aulere osungirapo zinthu okwana 15 GB pa Google Drive, ndipo malo amenewa ndi okwanira kusunga masikimu, zikonzekero za maphunziro ndi asayimenti zanu zonse za zaka ziwiri, kotero kuti foni ikatayika ntchito yanu sitayika nayo.

Mukatero yang'anani m'foni momwemo. Foni zambiri zotsika mtengo zimadzaza msanga, ndipo chimene chimazidzaza ndi makanema a m'magulu a WhatsApp amene amadzitsitsa okha inu muli m'tulo. Lowani m'makonzedwe a WhatsApp muletse kudzitsitsa kwa zithunzi, mawu ndi makanema, kuti muzisankha nokha choti mutsegule. Chinthu chaching'ono chimenechi chimapulumutsa malo ndi bandulo nthawi imodzi. Onetsetsani kuti muli ndi apu yowerengera mafayilo a PDF, ina yolembera monga Google Docs kapena WPS Office, komanso apu yolandirira notsi ndi kutumizira asayimenti, ya Moodle kapena Google Classroom, malinga ndi imene koleji yanu imagwiritsa ntchito. Ngati ndalama ilipo, memore kadi yaing'ono ndi yothandiza kuposa chikopa chokongola cha foni.

Magetsi, netiweki ndi bandulo

Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zinkawunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali m'matauni. Sukulu zambiri zimene ophunzira amatumizidwako zili kumudzi, kumene nyumba ya mphunzitsi ilibe waya wa ESCOM. Ngakhale kumene waya adafika, tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Choncho musanapite, imbirani mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mwapatsidwa, ndipo mukamaliza kuwalonjera mwaulemu muwafunse mafunso atatu: aphunzitsi amatchaja kuti mafoni awo, ndi kampani iti pakati pa Airtel ndi TNM imene imagwira bwino kumeneko, ndipo TDC, likulu la aphunzitsi la zoni imeneyo, ili pa mtunda wautali bwanji. Mayankho ake ndi amene adzakuuzeni choti mugule. Kumene kuli sola pasukulu, pawabanki yokha ikukwanirani. Ya 10,000 mAh imadzaza foni wamba kamodzi ndi theka kapena kawiri, osati kanayi monga amanenera ogulitsa. Kumene kulibe chilichonse, kasola kakang'ono kokhala ndi nyale ndi potchajira foni n'kabwino kuposa kumalipira tsiku lililonse pamalo ometera tsitsi, kumenenso foni imakhala maola angapo m'manja mwa anthu osawadziwa. Ophunzira amatumizidwa angapo pasukulu imodzi, ndipo palibe choletsa kusonkherana kugula sola imodzi, bola mugwirizane pachiyambi pomwe kuti teremu ikatha idzakhala ya yani.

Dziwani kuti foni imadya batire kwambiri pamene netiweki ili yofooka, chifukwa imakhala ikulimbana ndi kufunafuna nsanja. Ngati m'nyumba mwanu netiweki imangobwera ndi kupita, ikani foni pa chizindikiro cha ndege chija pamene mukuwerenga, ndipo muchepetse kuwala kwa sikirini. Sabata yoyamba yomwe fufuzani malo pamene netiweki imagwira mokhazikika. Ana asukulu amawadziwa bwino malo otero, kaya ndi pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, kaya ndi pansi pa mtengo wa mango wa kumsewu, ndipo adzakulozerani mosangalala. Khalani ndi masimukadi a makampani onse awiri, olembetsedwa m'dzina lanu.

Pa nkhani ya bandulo, cholakwika chofala ndi kugula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook chifukwa ndi yotsika mtengo, kenako n'kumadabwa kuti Moodle sakutseguka. Bandulo zotero zimagwira pa maapu okhawo amene adatchulidwa, ndipo tsamba la koleji, imelo ndi Zoom zimafuna bandulo ya intaneti yonse. Yang'ananinso masiku amene bandulo imatha, pakuti ya tsiku limodzi imene simudaimalize imapita ndi ndalama yanu. Kuti muwerengere bwino, kumbukirani kuti 1 GB ndi ma MB pafupifupi 1,000. Fayilo ya PDF ya mawu okhaokha kawirikawiri sifika ngakhale ma MB awiri, uthenga wa mawu wa mphindi zisanu umadya pang'ono chabe, koma ola limodzi la Zoom makamera ali oyatsa limatha kumeza theka la GB ngakhale kupitirira apo. Letsaninso maapu kudzikonzanso okha pa Play Store, chifukwa ndi amene amamaliza bandulo usiku mwakachetechete, m'mawa inu n'kumaimba mlandu kampani.

Tsitsani, zimitsani, werengani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono. Anthu akamva za maphunziro a pa intaneti amaganiza za munthu amene wakhala pa kompyuta tsiku lonse akuonera lekichala akulankhula. Kwathu kuno njira imeneyo ndi ya ochepa. Njira imene imatheka kwa wophunzira amene ali kusukulu ya kumudzi ndi yoti intaneti ikhale ngati ulendo wa kuchigayo: mumakonzekera, mumapita kamodzi, mumagayitsa zonse, mumabwerera kukaphika kunyumba. Sankhani nthawi imodzi kapena ziwiri patsiku, mwachitsanzo mukangoweruka komanso dzuwa lisanalowe, yopita pamalo a netiweki paja. Musanayatse data lembani papepala zimene mukukachita, monga kutsitsa notsi za sabata ino, kutumiza asayimenti ndi kuyankha funso la lekichala. Mukamaliza zimitsani data musanatsegule Facebook. Apu ya Moodle imalola kutsitsa zigawo za phunziro kuti muziwerenge popanda intaneti, ndipo pa Google Docs mukhoza kusankha kuti fayilo izipezeka ngakhale data ili yozima, zimene mwalemba n'kudzalowa zokha mukadzalumikizanso.

Zimene mwatsitsa muziike m'mafoda, phunziro lililonse ndi foda yake: Chichewa, English, Masamu, Sayansi, maziko a maphunziro, ndi ina yotero. Fayilo imene yangosiyidwa mu WhatsApp pakati pa mauthenga mazana asanu ndi yotayika kale, ngakhale ikadali m'foni. Ndipo powerenga khalani ndi kope ndi cholembera pambali. Sikirini ya foni ndi yaing'ono, maso amathamanga pamwamba pa mawu, ndipo munthu amadzinamiza kuti wawerenga pamene wangoseweretsa chala. Kulemba mfundo m'mawu anuanu ndi kumene kumazikhazika m'mutu, komanso kope silitha batire. Pakoleji belu ndi limene limakudzutsani, kukulowetsani m'kalasi ndi kukutumizani kukawerenga madzulo, koma kunja kulibe belu la inu. Masana mumakhala mwaphunzitsa, mwachonga makope a ana ambirimbiri, mwalemba chikonzekero cha mawa, mwatunga madzi ndi kuphika, ndipo ngati simudaikiretu ola la maphunziro anu pa ndondomeko yolembedwa ndi kumatidwa pakhoma, olalo silipezeka. Kwa amene akuphunzirira kunyumba kwa makolo, makamaka atsikana, pamafunika kukhala pansi ndi akuluakulu ndi kuwafotokozera bwino, chifukwa kwa amayi kapena agogo mwana amene wagwira foni akuoneka ngati akusewera, ndipo ndi amene amatumidwa kumsika.

Kutumiza ntchito

Ndidaonapo wophunzira wina wakhama amene adalemba asayimenti yake pamanja masamba asanu ndi limodzi, naijambula usiku ndi kuwala kwa tochi, tsamba lililonse chithunzi chakechake, naitumiza pagulu la kalasi yonse. Zithunzi zidafika zosokonekera, lachinayi patsogolo pa lachiwiri, lina lili chadodolido, mthunzi wa dzanja lake utaphimba theka la tsamba lomaliza, ndipo pa masamba onsewo dzina lake lidali pa loyamba lokha. Ntchitoyo inali yabwino, koma woichonga sakadatha kuiona, pamene anzake aulesi adaiona bwinobwino n'kukoperako. Kulemba pamanja si vuto, ndipo kwa amene alibe laputopu ndi njira yanzeru kuposa kulimbana ndi timabatani ta foni masamba asanu ndi limodzi. Chofunika ndi kujambula bwino. Lembani ndi cholembera chakuda kapena chabuluu wakuda, ikani dzina, nambala yanu ndi nambala ya tsamba pamwamba pa tsamba lililonse, ndipo mujambule masana pafupi ndi zenera kapena pakhonde, pepala litagona pamalo osalala, foni ili pamwamba pake mowongoka. Gwiritsani ntchito mbali yojambulira mapepala imene ili mu apu ya Google Drive, chifukwa imadula m'mphepete ndi kulumikiza masamba onse kukhala fayilo imodzi ya PDF. Fayiloyo muipatse dzina lomveka, lokhala ndi dzina lanu, phunziro ndi nambala ya asayimenti, kenako muitsegule nokha ndi kuwerenga tsamba lililonse musanaitumize.

Tumizani pamalo amene lekichala wanena, osati pamene pakukomerani inu. Mukatumiza dikirani mpaka muone chizindikiro chotsimikiza kuti yalowa, pakuti pa Google Classroom kuika fayilo ndi kuipereka ndi masitepe awiri osiyana, ndipo ambiri amaima pa loyamba. Jambulani sikirini yosonyeza tsiku ndi nthawi kuti mukhale ndi umboni. Dziikireni nokha tsiku lomaliza kutatsala masiku awiri kuti la lekichala likwane, chifukwa netiweki imakonda kuthawa tsiku lomwelo limene mukuifunitsitsa. Zikavuta ndithu, tumizani uthenga wamba wa SMS nthawi isanakwane, wofotokoza dzina lanu, sukulu imene muli ndi vuto lanu. Lekichala amamvetsa munthu amene wanena msanga kusiyana ndi amene wabwera ndi zifukwa patapita sabata.

Pakakhala phunziro lokumana nthawi imodzi pa Zoom kapena Google Meet, lowani mphindi khumi isanakwane nthawi, lembani dzina lanu lenileni, zimitsani kamera ndi maikolofoni, ndipo mugwiritse ntchito mahedifoni. Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, choncho ikaduka musaganize kuti phunziro latha, lowaninso pa linki yomweyo. Ngati muli anayi pasukulu imodzi, lowani pa foni imodzi mosinthana masiku, ndipo mudziwitse lekichala kuti alembe maina a nonse. Si mwano kupempha mwaulemu, kudzera mwa mtsogoleri wa kalasi, kuti phunzirolo litumizidwenso ngati mawu ojambulidwa kapena notsi pofuna kuthandiza amene netiweki idawakana.

Khalidwe la pagulu ndi nkhani ya kukopera

Gulu la WhatsApp la kalasi ndi kalasi ndithu. Pakhale magulu awiri, lina la maphunziro mmene muli malekichala, lina la macheza mmene mungatumize nthabwala, mavesi ndi malonda anu. Polembera lekichala yambani ndi moni, dzitchuleni dzina ndi kalasi, lembani mawu athunthu, ndipo musaimbe foni usiku. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo pa intaneti mlomo umatsala wolembedwa, wina n'kuujambula ndi kuusunga. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa makina otere. Chenjerani makamaka ndi zithunzi za ana. Ndi chinthu chokopa kujambula kalasi yanu yoyamba ndi kuionetsa kwa anzanu, koma anawo ndi a eni, ndipo nkhope zawo, maina awo ndi malikisi awo siziyenera kuikidwa pa Facebook kapena pa sitetasi. Ngati koleji yapempha kanema wa mmene mukuphunzitsira, pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, lozetsani kamera kwa inu ndi bolodi ana akuoneka chakumbuyo, ndipo mutumize kwa lekichala yekha.

Kukopera kwafika posavuta, kaya kuchokera kwa mnzanu, pa Google kapena pa mapulogalamu monga ChatGPT. Sindikunena kuti zida zimenezi n'zoipa, pakuti zimatha kukufotokozerani mfundo yovuta m'njira ina mpaka muimvetse. Koma zimalakwitsa molimba mtima, Chichewa chake nthawi zambiri chimakhala chopunduka, ndipo sizidziwa silabasi yathu monga ilili m'mabuku a Malawi Institute of Education. Chikonzekero cha phunziro chochokera kumeneko chimatha kukuuzani kuti mugawire mwana aliyense pepala losindikizidwa, pamene inu muli ndi ana oposa zana atakhala pansi, choko chimodzi ndi zitsekerero za mabotolo zimene mudatola nokha potsatira nzeru ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lanu. Mayeso a MANEB mudzalemba ndi cholembera foni ili kunja, ndipo lekichala akabwera kudzakuonererani mukuphunzitsa, chimene adzaone ndi chimene chili m'mutu mwanu.

Pali chifukwa chinanso chochitira khama pa zonsezi. Kuyambira mu 2023 boma likufalitsa pulogalamu ya BEFIT, imene ikupereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzirapo kuwerenga ndi masamu kudzera pa pulogalamu ya onecourse, ndipo cholinga chake ndi kufikira sukulu zonse zapulayimale za boma. Mukapezeka pasukulu imene ili ndi matabuletiwa, musaime patali. Pemphani mphunzitsi amene amawayang'anira akuonetseni mmene amawatchajira, mmene amawagawira kwa ana, mmene amawawerengera pobweza, ndi chimene amachita mwana akasokonezeka kapena hedifoni ikasiya kumveka, chifukwa ntchito imeneyi idzakhala yanu mukadzalembedwa.

Kutatsala sabata imodzi kuti mutuluke pakoleji, dziyeseni motere pamodzi ndi mnzanu mmodzi. Tulukani mu akaunti yanu ya imelo ndi kulowanso popanda kufunsa munthu. Mnzanuyo akutumizireni PDF, inu muitsitse, muiike m'foda yake, muzimitse data ndi kuitsegula. Lembani masamba awiri pamanja, muwasandutse fayilo imodzi, muipatse dzina, ndipo muitumize kwa iye pa imelo komanso muiike pa Google Drive. Kenako bwerekani foni yake, mulowe mu akaunti yanu, muipeze fayiloyo, ndi kutulukamo bwinobwino musanamubwezere. Onani ma MB amene mudali nawo poyamba ndi amene atsala, kuti mudziwe bandulo imene idzakukwanireni pa sabata. Pamene mwakakamira, pitani kwa woyang'anira labu ya makompyuta tsiku lomwelo akuthandizeni, ndipo mubwereze sitepe imeneyo kawiri iye akuona, musanakwere galimoto yopita kusukulu yanu.